Ndalama za Mbatatesi Sizifika Novembala

Alamu anga anandiimbira foni mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana cha kumapiri a ku Dedza. Titafunsana za kunyumba, za ana ndi za ntchito, anakhala kaye chete, ndipo ine ndinadziwiratu kuti kuseri kwa moni uja kuli nkhani. "Alamu," anatero, "munda ndagalauza, mbewu ilipo, koma feteleza wandikanika. Mukanandipatsako ya matumba awiri okha, ndidzabweza ndikakumba." Pempholo silinandivute, pachibale timapemphana ndithu. Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti mu Epulo chaka chomwecho ndinawaona ndi maso angawa pa Lizulu, ataima pambali pa lole ya anthu opikula ochokera ku Blantyre, anyamata akukweza matumba awo a mbatatesi, iwo akuwerenga ndalama mpaka kunyowetsa chala. Zinali ndalama zoti ine wa pamalipiro ndimazipeza patatha miyezi ingapo. Tsiku limenelo anandiuza okha, ndisanawafunse n'komwe, kuti za feteleza azipatula pambali ndipo sazikhudza. Bambo amenewa si aulesi, si chidakwa. M'chisanu cha Juni, chija chimaumitsa zala ku Ntcheu, amakhala ali kale kudimba tambala asanalire kachiwiri. Mawu awo ndi odalirika: akati ndibwera Lachisanu, amabweradi Lachisanu. Nanga zinatheka bwanji kuti munthu wosaphwanya pangano ndi anzake alephere kusunga pangano limene anapangana ndi mtima wake womwe?

Ndalama ndinatumiza, koma funso linatsala. Kutauni yankho lake limakhala lili kale pakamwa. Amati Amalawi tilibe chikhalidwe chosunga ndalama, amati anthu akumudzi akufunika maphunziro a kasamalidwe ka chuma, ndipo akamva kuti nkhani ndi ya ku Ntcheu amawonjezerapo za Angoni ndi nyama ndi mowa. Yankho limeneli silindikhutiritsa. Ndimagwira ntchito ku Lilongwe pakati pa anthu a madigiri, ena ophunzira zowerengera ndalama zenizenizo, koma mwezi ukangofika pakati, ambiri amakhala atalembetsa kale dzina m'kabuku ka mnzawo wokongoza katapila. Kukanakhala kuti sukulu ndiyo imaphunzitsa kusunga, bwenzi amenewa ali patsogolo. Komanso mayi wogulitsa tomato pa Lizulu amasunga masamu onse m'mutu: dengu walipikula pa zingati, milu ituluka ingati, ingati iwonongeka dzuwa likatentha, chiphaso cha msika chidya zingati, atsala ndi zingati dzuwa likamalowa. Munthu wotere sungamuuze kuti sadziwa za ndalama. Ndiye ndinasiya kufunsa kuti chavuta n'chiyani m'mitu ya anthu, n'kuyamba kulondola njira imene ndalamazo zimayenda zikachoka m'manja mwa wopikula.

Amene anandionetsa njirayo ndi achemwali anga, akazi awo a alamuwo, nditapita kumudzi pa Khirisimasi. Tinakhala kukhitchini, iwo akusankha nyemba m'lichero, ndipo anayamba kuwerenga ndi zala, mosakwiya. Choyamba kutuluka inali ngongole ya feteleza wa chaka chinacho, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Kenako aganyu amene anakumba, ndi mwini ngolo amene anatuta kuchoka kumunda kufika kumsewu. Anagula malata, amene mpaka pano ali chitsamire kuchipinda kudikira njerwa. Mu Meyi kunagwa maliro a azakhali awo a alamu kutsidya kwa msewu, mbali ya Angonia, ndipo popeza aliyense ankadziwa kuti iwo ndiwo angogulitsa kumene, bokosi, nsalu ndi ufa zinagwera iwo. Mu Julayi mwana wamng'ono anadwala usiku, njinga yamoto mpaka kuchipatala, mankhwala ena okagula okha. Mu Seputembala sukulu zitatsegulira kunabwera mwana wamasiye wa mchimwene wa alamu, kalata ya fizi ili m'manja. Chimanga chinachepa chifukwa munda waukulu anaupereka ku mbatatesi, ndiye chakudya chinali chogula. Masika kutchalitchi, chinkhoswe cha mwana wa mnansi, tayala la njinga. Ndinkamvetsera ndikudikira kuti penapake ndipeza poloza chala n'kunena kuti apa ndiye panalakwika, koma chilichonse chimene ankatchula chinali chinthu choti munthu aliyense wa umunthu akanalipira. Atamaliza anaika lichero pansi n'kunena kuti, "Zimenezo ndiye ndikuzidziwa ine, achimwene. Zinazo mukawafunse eniake." Anatero osandiyang'ana.

Zinazo ndizisiye kaye. Chimene chinayamba kundionekera m'nkhani ya achemwali ndi mtundu wa mbewu zimene zimalemeretsa Lizulu. Makolo athu ankadziwa kusunga, ndipo aliyense wokulira kumudzi ndi mboni. Chimanga chikalowa m'nkhokwe chinali ndi malamulo ake: si aliyense ankakwera kukatapa, mayi wa pakhomo ndiye ankadziwa kuti dengu limodzi lifika liti, mbewu inkapachikidwa payokha kudenga la khitchini kuti utsi uiteteze kwa anankafumbwe, ndipo ngakhale njala ilume bwanji, mbewuyo sinkakhudzidwa. Masamba ankafutsa, mfutso n'kuumanga m'zikwatu kudikira chilimwe. Koma mbatatesi, tomato ndi kabichi sizilowa m'nkhokwe. Tomato akapsa lero, mawa ayenera kukhala pamsewu. Mbatatesi yokumba nthawi ya mvula sichedwa kuwola, ndipo mlimi alibe nyumba yozizira yoti aisungemo n'kumagulitsa pang'onopang'ono mitengo ikamakwera. Thukuta la miyezi inayi limasanduka mpukutu wa ndalama tsiku limodzi, afune asafune. Ndipo mpukutuwo ulibe mwambo uliwonse woutchinjiriza. Palibe agogo amene anatiphunzitsa kuti ndalama za mbewu zimapachikidwa pati, amazitsitsa ndani, nyengo iti. Nzeru zosungira zimene tinalandira zinali za zinthu zooneka, zolemera, zovuta kutuluka nazo pakhomo anthu osaona. Ndalama zimakwana m'thumba la malaya.

Komanso pa Lizulu palibe ndalama yachinsinsi. Msika uli pamsewu weniweni wa M1, msewu umene ulinso malire: uku Malawi, kutsidyako Mozambique, ndipo abale ali mbali zonse ziwiri. Lole ikaima, aliyense amaona kuti matumba ndi a yani ndipo ndi angati. Mtengo wa tsikulo amaudziwa ndi ana omwe. Mlimi asanafike kunyumba, mbiri ya ndalama zake imakhala itafika kale. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo ine mwambi umenewu ndimaukhulupirira chifukwa ndauona ukugwira ntchito. Bokosi limene alamu anagula ku Angonia lidzabwezedwa tsiku limene maliro adzagwe pakhomo pawo, popanda kalata, popanda kusainirana. Kumene kulibe inshuwaransi, abale ndiwo amagwira ntchito imeneyo. Ndiye ndalama za maliro zija sindinganene kuti zinawonongeka. Zinasungidwa mwa anthu. Koma ndikaganizanso ndimaona mbali imene sitikonda kuitchula. Chimene waika mwa anthu sungakachitenge mu Novembala n'kupita nacho kusitolo ya feteleza. Chimabwera tsoka likagwa, koma ukafuna kukuza munda sichioneka. Ndipo mtolo umenewu umalemera kwambiri pamutu pa wolimbikira: wokolola zambiri ndiye amapemphedwa zambiri. Apa m'pamene ndinamvetsa za malata aja ali chitsamire kuchipinda. Wongoona angati n'kugula kosaganiza, kugula denga makoma kulibe. Koma munthu amene wagula malata angathe kuyang'ana m'bale wake m'maso n'kunena kuti "ndilibe", osanama. Anthu ambiri amathamangira kugula malata, mbuzi, simenti kapena njinga sabata yomweyo imene agulitsa, ndipo ife timati ndi dyera, pamene iwo akuthawitsa ndalama kuti isapemphedwe. Kumeneko n'kusunga ndithu, kungoti sikuoneka m'mabuku a banki.

Palinso chinthu china chimene banja lathu linaona, ndipo ndikukhulupirira kuti chinakhazikika m'mitima ya onse amene analipo. Agogo anga aakazi, mayi awo a mayi anga, anali munthu wosunga. Ankagulitsa mapichesi ndi nsawawa m'mbali mwa msewu, sankayandikira chiwaya, sankagula chitenje chatsopano chakale chisanang'ambike. Atamwalira, zaka zingapo 2012 itadutsa, amayi akusesa m'nyumba anapeza chitini cha mkaka wa ufa chokwiriridwa pansi, kumutu kwa mphasa yawo. M'katimo munali ndalama zamapepala zopinda bwinobwino, zomanga ndi mphira, ma K500, ma K200, ma K100, zonse za nkhope ya John Chilembwe, za mtundu uja unachotsedwa zitabwera ndalama zatsopano mu 2012. Nthawi yosinthitsa inali itadutsa kalekale. Amalume anaziwerenga pamaso pa tonse, pang'onopang'ono, mpaka pepala lomaliza, kenako anati, "Ikanakhala nthawi imene mayi ankaziika, ndi ng'ombe iyi." Palibe anayankha. Pabwalo pomwepo panali adzukulu amene anasiya sukulu chifukwa cha fizi, denga la agogowo linkadontha mvula iliyonse, ndipo iwo ankagona pamwamba pa ndalama zimene zinkafa chaka ndi chaka iwo osadziwa. Sindiwaweruza agogo. Anachita chimene aliyense amatilangiza, kudzimana lero chifukwa cha mawa, ndipo anachichita mokhulupirika kuposa wina aliyense amene ndikumudziwa. Koma achemwali anga analipo tsiku limenelo, alamu analiponso, ndipo phunziro limene anatolapo si lovuta kuliganizira.

Ngakhale ndalama za m'chitini zija zikanakhala zosachotsedwa, zikanafabe mwa njira ina. Mu Meyi 2012 kwacha inagwa tsiku limodzi kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi ya ku America. Mu Meyi 2022 inatsitsidwanso ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023, nthawi yeniyeni yogula feteleza, inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Mlimi amene anagulitsa mbatatesi mu Epulo chaka chimenecho n'kudzimana mpaka mvula, anadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti zimene anasungira feteleza sizikukwananso. Mnzake amene anagula mbuzi kapena malata mu Epulo momwemo sanataye kanthu. Pa Lizulu zimenezi anthu samangozimva pa wailesi. Amaziona kwa anzawo a kutsidya, amene metikala yawo yomweyo ikugula makwacha ochuluka chaka ndi chaka. Feteleza wotsika mtengo wa AIP anayamba pa K4,495 thumba mu 2020, pofika 2022 anali pa K15,000, ndipo si onse ankalowa m'kaundula wake. M'masitolo thumba lomwelo linali litadutsa K100,000 pofika 2025. Pa ndalama ya K50 pali nkhope ya Inkosi ya Makhosi Gomani II, mfumu imene likulu lake linali ku Lizulu komweko, imene atsamunda anaichotsa paufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pamene ndalamayi inkatuluka mu 2012, mwana ankapita nayo kusukulu n'kugula zitumbuwa. Lero mayi wogulitsa pamsika amaiyang'ana n'kudikira kuti uwonjezere zina. Ndalama yaikulu mu 2012 inali K1,000. Mu 2016 kunabwera K2,000, mu 2022 K5,000. Munthu amene waona zonsezi ndi maso ake, ukamulangiza kuti asunge makwacha iye n'kukuyankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, sakulankhula mopusa.

Ndikanakonda kuti nkhani ithere pamenepa, kuti mlandu wonse ukhale wa kwacha, wa mbewu zosachedwa kuwola ndi wa maliro. Koma achemwali anati pali zinazo, ndipo sanandiyang'ane. Ndinakulira pafupi ndi msika umenewu, ndikudziwa mmene madzulo a tsiku la msika amakhalira. Utsi wa kanyenya, ziwaya zikuthetheka, nyimbo zikuphulika m'mabala, kaunjika atayalidwa pa mapepala apulasitiki, mafoni owala m'magalasi, ndipo masiku ano kwabweranso kandege, juga ya pafoni imene anyamata amaunjikirana mitu pamodzi kuonerera. Munthu amene kwa miyezi inayi wakhala akudya nsima ya masamba, akupopera mankhwala mvula ili pamsana, amene ana ake am'pempha sopo iye n'kuyang'ana kumbali, lero ali ndi mpukutu m'thumba, ndipo anthu amene dzulo ankangomudutsa akumutchula kuti bwana. Agula nyama ya banja, n'zoyenera. Agulira anzake amene anamugulirapo iye ali wouma, nayonso ndi ngongole ya mtundu wake. Kenako ichi chakoma, icho chakoma. Palibe tsiku limene amanena kuti lero ndikudya ndalama za feteleza. Amangotapa pang'ono, mumtima akuti za kudimba zidzabwezeretsa. Njala imeneyi ndimaimvetsa, njala yofuna kuonedwa ngati munthu tsiku limodzi, ndipo sindingainyoze. Koma sindingabisenso kuti amene amalipira ndi ena. Amalipira mayi amene anapalira nawo munda womwewo koma ndalama sanazigwireko, amene mu Januwale adzakagwira ganyu m'munda mwa eni, wake uli m'thengo. Amalipira mwana amene adzabwezedwa kusukulu. Ndipo chaka chotsatira chimayamba ndi katapila, kutanthauza kuti mbatatesi isanadzalidwe n'komwe, gawo lake lili kale ndi mwini wina. Chinthu choyamba chimene achemwali anawerenga pa chala chija, ngongole ya chaka chinacho, chinabadwa madzulo ngati amenewa.

Alamu sindinawafunse za zinazo. Tinkayenda kupita kudimba, ndipo anayamba okha. "Alamu, ndalama ikakhala m'nyumba imaitana. Ukagona umaimva. Tsiku lija ndikanadziwa, ndikanakupatsani kuti mupite nazo, n'kukuuzani kuti ngakhale ndilire bwanji musandipatse mpaka mvula." Mawu amenewa anandikumbutsa kafukufuku amene anachitika ku Mulanje mu 2017 pakati pa anthu ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya Lujeri. Akatswiri a zachuma atatu, Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin, mogwirizana ndi kampaniyo, anapatsa antchito mwayi wosankha kuti gawo la malipiro awo lizitsala kwa abwana, adzalandire pamodzi nyengo yothyola ikatha. Panalibe chiwongoladzanja ngakhale tambala. Mwa masamu a m'kalasi palibe amene akanavomera, chifukwa ndalama yochedwa kubwera imafika itachepa mphamvu. Koma pafupifupi theka la antchitowo anavomera, ndipo patapita zaka ziwiri, pakati pa amene analowa m'ndondomekoyi panapezeka nyumba zambiri zofolera malata kuyerekeza ndi pakati pa anzawo. Kumadzulo kwa Kenya, Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson anapeza zofanana kwa alimi a chimanga: pamene wina ankabwera kudzawagulitsa feteleza atangokolola kumene, ndalama zikadali m'manja, n'kudzawaperekera pakhomo, alimi ochuluka anathira feteleza kuposa pamene ankadikira nthawi yake kuti agule. Anthu amenewa sanaphunzitsidwe kanthu katsopano. Kufuna kusunga anali nako kale. Ankasowa malo oti aikepo ndalama tsiku limene mtima uli wolimba, malo oti asathe kukazitenga tsiku limene wafooka.

Ife a pamalipiro malo amenewo tili nawo, ndipo sitinawapeze ndi nzeru zathu. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linati wantchito azidulidwa 5 peresenti, wolemba ntchito aziwonjezera 10 peresenti, ndipo ndalamazo zimachoka tisanazione. Ambiri mwa amene amadzudzula alimi, chuma chokha chimene asunga ndi chimenechi, chimene anawasungira ndi lamulo. Mlimi wa mbatatesi alibe womudula. Kwa amene ali m'midzi ya kuseri kwa mapiri, banki ndi ulendo wolipira, ndipo chiwongoladzanja cha buku wamba chimatsalira kutali ndi kukwera kwa mitengo, kumene mu 2024 kunali cha m'ma 30 peresenti. Airtel Money ndi Mpamba zathandiza kwambiri. Ndalama za pafoni chiswe sichidya, wakuba sazipeza pansi pa mphasa. Koma foniyo ili m'thumba lomwe lija la malaya, ndipo m'bale amene kale ankayenera kuyenda mtunda kuti adzapemphe, lero amangoti "ingotumizani pa nambala yomweyi". Pafupifupi zonse zimene zabwera m'zaka zimenezi zafewetsa kutulutsa ndalama. Zothandiza kuitsekera ndi zochepa. Alipo alimi amene amadzitsekera okha: akangolandira, amapita kukagula feteleza tsiku lomwelo n'kumuunjika kuchipinda, ndipo minda yawo ndi imene imabiriwira mu Januwale. Koma thumba la feteleza nalo limaoneka, limapemphedwa, ndipo pakagwa matenda limagulitsika msanga, kawirikawiri motchipa. Ndimadzifunsa kuti kodi n'chovuta chotani kuti mu Epulo, malole akamapakira mbatatesi, pambali pake pakhale wogulitsa wodalirika, kaya kalabu ya alimi kaya SACCO, woti mlimi alipire pomwepo pa mtengo wa tsikulo n'kudzatenga katundu wake mvula ikayandikira. Vuto ndi liwu loti wodalirikalo, chifukwa anthu amene anapusitsidwapo sapereka ndalama kawiri kwa munthu wonyamula risiti.

Amayi ndiwo anapeza potsekera pawo. Msuweni wanga, amene amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu, ali m'banki m'khonde, ndipo nthawi ina ya masika ndinakhalapo pa msonkhano wawo pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, koma kwathu inazika mizu msanga, mwina chifukwa inapeza chipereganyu chilipo kale. Sabata iliyonse aliyense amagula masheya monga wathera, mlembi amadinda m'kabuku, ndalama amaziwerenga mokweza onse akumva. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Wochedwa amalipira chindapusa. Pali kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ka matenda ndi maliro. Chimene chinandigwira mtima ndi chimene msuweniyo anandiuza tikupita kumeneko: "Asuweni, ubwino wake ndi wakuti bambo akunyumba akati bweretsa ndalama ija, ndimangoti ili kugulu, ndipo akudziwa kuti sindingakaitenge ndekha." Za phindu sanatchule n'komwe. Sindikuti banki m'khonde ilibe minga. M'magulu ambiri ngongole imabwezedwa ndi 20 peresenti pamwezi, ena amakakamiza membala aliyense kukongola kuti phindu likule, ndipo tonse tamvapo za mayi amene analandidwa ziwiya ndi mbuzi, kapena amene anathawa pamudzi atakongola gulu ili kuti abweze gulu lija. Komabe m'midzi yathu ndi njira imeneyi imene ndaiona ikugwira ndalama ya munthu wosauka chaka chathunthu n'kumubwezera ili yochuluka.

Tsiku limenelo nkhani imene inatenga nthawi inali ya tsiku logawana. Gulu lawo, monga magulu ambiri, limagawana mu Disembala, Khirisimasi itayandikira. Mayi wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti chaka chilichonse ndalama zimafika nthawi ya feteleza wokulitsa itadutsa, mtengo utakwera, ndipo zambiri zimathera mpunga, nkhuku ndi zovala za ana. Anapempha kuti azigawana kumayambiriro kwa Okutobala. Ena anawomba m'manja. Koma wina wamng'ono, mwana ali kumbuyo, anayankha kuti ana ake chaka chonse amavala zong'ambika, ndipo tsiku lokhalo limene amaoneka ngati ana a anthu ndi la Khirisimasi. Anati akagawana mu Okutobala, ndalama zake zonse zilowa m'munda umene zokolola zake adzagulitse ndi bambo, iye osaonako ndi K50 yomwe. Panakhala bata, chifukwa aliyense ankadziwa kuti akunena zoona. Wina anati Januwale ndiye mwezi wa njala ndi wa zofunika kusukulu, bwanji osagawana kawiri. Mlembi anati kugawana kawiri kuchepetsa ndalama zokongoza, ndipo phindu litsika. Anakambirana mpaka dzuwa linapendeka, ena n'kuyamba kudandaula za tomato amene anasiyira ana kumsewu. Pomaliza anagwirizana kuti agawana mu Disembala monga mwa nthawi zonse, koma amene akufuna atsegule kabuku kachiwiri ka feteleza yekha, kotsekedwa mpaka Okutobala. Msuweni wanga analembetsa pomwepo. Mayi wa mwana kumbuyo uja anati iye ayamba wakafunsa kunyumba ngati angamugawireko chigawo cha dimba choti zokolola zake azigulitsa yekha, ndipo akamulola adzalembetsa sabata yamawa.